Abwere Eni Ake

Mlembi wa ofesi yosamalira ogwira ntchito kundende anaiwerenga kalatayo kawiri, kenaka anaikankha ndi chala chimodzi.

"Dzina ili si la mayi anu. Abwere eni ake."

Wakukoleji anasuntha kontena ya chakudya pamiyendo pake. Dzina loti Wakukoleji linamukakamira ngakhale sukulu anaisiyira pakati pa chaka chachiwiri. Anamutcha choncho ndi anzawo a bambo ake, masiku amene ankamulonjera pageti ndi nthabwala. Lero pageti pomwepo anzawo aja anangovundukula kontenayo, kutakasa ndi supuni, maso ali pansi.

Kalatayo inafika dzulo. Inkati Sajeni akaonane ndi mlangizi wa za maganizo Lachinayi m'mawa. Sajeniyo, bambo ake, anapempha zimenezi miyezi khumi ndi inayi yapitayo.

Zaka makumi awiri akuwerenga akaidi m'mawa, masana ndi madzulo, kuwerengako kunayamba kuwatsatira kunyumba. Ankawerenga ana asanadye. Ankawerenga masupuni ndi mipeni. Loko wa pakhomo ankamugwedeza katatu. Tsiku lina mlongo wake wa Wakukoleji atachedwa kuweruka kusukulu, bambo anaima pakhonde akungoti, "Waperewera mmodzi, waperewera mmodzi." M'mawa mwake amayi anawagwira mkono mpaka mu ofesi yomweyi, fomu inalembedwa. Kenaka zii.

"Ndikupempha kuti malo a bambo kwa mlangiziwa muwapatse amayi," anatero Wakukoleji. "Sakugona. Sakudya. Pano ndi iwo amene akuwerenga masupuni."

"Mabanja timawalandira ndithu." Mlembiyo analoza chithunzi cha pakhoma: bambo wa yunifolomu, mkazi ndi ana awiri, onse mano pamtunda. Pansi pake panalembedwa kuti munthu asavutike yekha. "Koma amabwera limodzi ndi wantchitoyo. Iye asayine apa, mkazi wake apa."

"Kumene aliko sangachokeko."

"Onse amatero, achimwene. Ine ndayamba muno mwezi wathawu, koma nyimbo imeneyo yandikwana kale. Azibambo a nsapato zazikuluwa amaona ngati kunena za mumtima ndi kuvula pagulu. Amangotuma ana."

Wakukoleji anafuna kumenya tebulo kuti zidindo zonse zidumphe. Koma anakumbukira amayi ake momwe anawasiyira, atakhala m'mphepete mwa bedi, nsapato imodzi kuphazi, inayo m'manja, ataiwala chimene amafuna kuchita nayo.

"Ali mkati mwa mpanda womwewu," anatero motsitsa mawu.

"Ndiye pafupi pomwepa! Apemphe mphindi khumi kwa akuluakulu awo, basi. Mlangizi ndi mmodzi, achimwene. Lachiwiri lonse amakhala ndi akaidi, chifukwa kumeneko kuli ofunsa malipoti. Antchito ali ndi Lachinayi m'mawa lokha. Mukataya malowa, mudikiranso chaka."

"Amayi sangafike chaka."

"Malamulo sindinalembe ndine."

Panja wenzulo inalira. Inali nthawi yowerenga akaidi masana. Wakukoleji anangozindikira milomo yake ikuyenda: mipando inayi, mafayilo khumi ndi awiri, mawindo atatu. Analuma mlomo kuti asiye.

Mlembiyo anapinda kalatayo bwinobwino n'kuisanjika pa kontena.

"Muwapatsire limodzi ndi nkhomaliro yawoyo. Muwauze kuti kuuma mutu sikuchiza munthu."

Wakukoleji ananyamula kontena ndi kalata. Anatuluka, nadutsa chipinda chodyera antchito osayang'anamo, n'kukaima pamzere wa odzaona abale. Atafika pawindo la mawaya, bambo ake anatulukira atavala yunifolomu ya akaidi. Akhala akuivala kuyambira mlandu wa tsiku lina limene chiwerengero cha akaidi chinakana kukwana, iwo n'kumuthyola nthiti mkaidi ndi ndodo, fomu yawo ili pamzere.

Anawerenga kalatayo kudzera m'mawaya, naseka pang'ono.

"Ukawauze a ku ofesiwo asavutike. Mlangiziyo ndikuonana naye kale, Lachiwiri lililonse." Anayang'ana mwana wake. "Nanga kunyumba, mwakwana?"

"Waperewera mmodzi, bambo."