Tsiku Lathu la Kunkhalango

Ndinkatong'ola chimanga pakhonde pamene bambo a Sungeni anafika akumwetulira.

"Mayi a Sungeni, tsiku lathu la kunkhalango ndawapatsa a Gomani. Atipopera madzi ndi makina awo aja mwezi wonse."

Ndinaponya chitsononkho pansi. Mitengo inangotsala paphiri pokha, yozunguliridwa ndi waya, ndipo banja lililonse limalowamo kamodzi pamwezi, foni n'kuisiya pageti. Kumudzi kuno makina opopa madzi ndi tindege toyendera minda sizileka kulira.

"Kawauzeni kuti mwalakwitsa."

"Koma kumeneko mumakatani? Mumangokhala pamwala ngati buluzi."

"Eya, ndimangokhala. Kulibe wondifunsa kuti mchere uli kuti. Ndimamva tsamba la msuku likugwa. N'kokhako kumene ndimayamba pemphero n'kulimaliza."

"Nanga madzi?"

"Mutu ndili nawo, ndowa zilipo. Chitsime cha kudambo sichinasamuke."

Anandiyang'ana, anayang'ana ndowa, kenako anavalanso nsapato zimene anali atangovula kumene.

"Mukapepese bwino," ndinatero. "Musakanene kuti ndakukalipirani."

Ndinatola chimanga china. Dengu linali lisanafike n'pakati pomwe, koma khosi linali litayamba kale kuwawa poganizira chitunda cha kudambo.