Udzudzu Wayamba Kunenepa

"Tagwira apa," anatero mwamunayo atapinda mkono. "Alipo angandinenenso kuti Udzudzu?"

Mkazi wake anagwira. Panali polimba ngati mwala. Chiyambireni bamboyo kunyamula zitini za simenti kuseri kwa nyumba, malaya onse ankamuthina, ndipo mazira sankakhalitsa m'nyumbamo.

Mayiyo sanamuuzepo kuti anamulola ukwati chifukwa cha kuwondako. Bambo ake omubereka mkaziyo anali chimunthu chadzitho, ndipo mayi ake anapita kumanda khutu limodzi litagontha ndi makofi.

"Ndikaone mphika," anatero mkaziyo.

"Taima kaye." Mwamunayo anamugwira pamkono akuseka. "Tayesa kupulumuka tione."

Anayesa, koma dzanja lija silinagwedezeke n'komwe. Anayesanso ndi mphamvu zake zonse. Mwamunayo anasiya kuseka, n'kumayang'ana dzanja lakelo ngati waliona koyamba.

"Mukundipweteka, bambo a mwana."

Anachedwerapo kumusiya. Pamkono panatsala zidindo za zala.

"Iwenso, ndi masewera awa," anatero mwamunayo akukhala patebulo. "Undiwonjezere mazira. Thupi lonseli ndi ntchito ya manja ako."