Dzina Limene Makina Anakana

Moni owerenga, ndipo tiyamike Mulungu amene amatiitana aliyense ndi dzina lake.

Linali Loweruka, m'chaka cha 1995, mu ofesi ya mpingo wina mumzinda wa Daejeon, ku Korea. Mayi Pyo, mlembi wa mpingowo, ankalemba pa kompyuta zikalata za ana obatizidwa mawa lake. Mayina asanu analowa bwinobwino. Koma pa dzina la Da-mui, makina analemba "Da", pa "mui" n'kusiya mpata.

Kwathu kuno zilembo timazimanga ziwiri kapena zitatu kukhala kamtolo kamodzi, ndipo timitolo totere tingathe kupitirira 11,000. Koma akatswiri ena anasankhapo 2,350 tokha, n'kupatsa kalikonse nambala yake. Kamtolo kopanda nambala, makina sakadziwa.

Tsoka ilo, mwanayo anali mdzukulu wa a Chu, mkulu wa mpingo, yemwe kale ankaphunzitsa ku yunivesite. Ankayenda ndi pensulo yofiira m'thumba la malaya, yokhwatchira zolakwika m'mapepala a mpingo. Pensuloyo inali itawalizapo kawiri Mayi Pyo.

A Chu analowa ndi akazi awo kudzaona chikalatacho. Mayi Pyo anaimirira, n'kuwerama.

"Pepani akulu a mpingo, si ine ayi. Ndi anthu anasankha zilembo aja. Ku Betelehemu malo anasowa, komabe khola linapezeka. Awawa ngakhale khola sanamusiyire mwanayu. Ambuye awakhululukire, koma ine nditakumana nawo ndingawakoke makutu."

A Chu anauyang'ana mpatawo nthawi yaitali.

"Musawaweruze, mayi," anatero chapansipansi. "Mwina anali atatopa. Ndingolembapo ndi dzanja."

Misozi inalengeza m'maso mwa Mayi Pyo. Zaka zonsezi ankawayesa ouma mtima ngati Farao, chonsecho ndi munthu wokhululukira ngakhale anthu osawadziwa. Odala ali ofatsa, anatero mumtima, nalapa miseche yawo yonse.

Akazi a Chu anapukusa mutu, kumwetulira kukuwakanika kubisa.

"Lembani ndithu, bambo a Tae-sik, ndi yofiira yanuyo. Si ndiyo munakhwatchira kamtolo kameneka ku msonkhano wa akatswiri uja, mukuti palibe kholo lanzeru lingatche mwana dzina lotere?"

Ambuye akusungeni, owerenga, ndipo dzina lanu likapezeke lathunthu m'buku la moyo.