Ankrah Wafa

"Basi, Ankrah wafa," analengeza motero Lamptey pa kanema wa boma, kamunthu ka mnzake Ankrah katagwera m'dzenje mu gemu ya pa kompyuta.

Abwana anali atachotsa mauthenga a maliro n'kuikapo magemu kuti akope achinyamata. Anachita kunenetsa kuti lero pakapanda woimba foni, pulogalamu yatha.

Foni inalira. Mtima wa Lamptey unakhala pansi.

"Mwanawe, ndine mayi Adjeley a ku Osu. Ankrah wake uti? Ngati anali wamng'ono tivale nsalu yofiira, ngati nkhalamba yoyera."

"Ndi masewera chabe, mayi. Taonani, wadzuka."

Mayiwo anafunsanso:

"Nanga maliro enieni mwawaika nthawi yanji? Anzanga ndimawaonera pamenepo."