Gwira Uko Tipinde

Matenda oiwala anawalanda Amayi dzina langa kalekale. Tsopano sayankhula, sayenda, ngakhale kumeza kumawavuta. Namwino anandiphunzitsa kuwatembenuza kuti asachite zilonda, ndi kuwanyowetsa milomo ndi thonje.

Usiku wina ndinatuluka kukaanula nsalu zawo zogonera zomwe ndinaiwala pachingwe. Kubuula kwawo kunkamveka pawindo, koma sindinafulumire. Ndinaima pamphepo, mawu n'kundipulumuka.

"Ndatopa ine. Bola akanangopita."

Nsalu yomaliza inagwedezeka. Pansi pake panaoneka mapazi opanda nsapato. Zikhadabozo ndinazizindikira, ndinali nditaziwenga ndekha m'mawa.

"Gwira uko tipinde," anatero mawu a Amayi kuseri kwa nsaluyo, omveka bwino ngati kale.

Ndinagwira. Tinakoka, tinapinda, monga ankandiphunzitsira ndili mwana. Nkhope sindinayerekeze kuiyang'ana. M'nyumba kubuula kuja kunkapitirirabe.

"Amayi, kunali kutopa chabe," ndinatero.

"Ndamva, mwanangu. Wayesetsa." Anandiikira nsaluyo m'manja. "Iyi usaiyale. Uisunge yoyera, ifunika mawa."

Pawindo paja panangoti zii.