Mkanjo Wopsa Pamkono

Panali munthu wina amene ankadzitchula kuti Mlaliki Wamoto. Tsiku lina anagogoda panyumba ya abusa a mpingo wina n'kupempha chinthu chimodzi: mkanjo wawo wolalikirira.

Abusawo anali atadwala milungu iwiri. Miyendo inatupa, nsapato zinakana kulowa, ndipo akayenda kuchoka pabedi kufika pakhomo ankapuma ngati akwera phiri. Amayi busa anabisa matendawo. Nyumba imene ankakhala inali ya mpingo, ndipo ankaopa kuti akuluakulu akamva atumiza mbusa wina, iwo ndi ana atatu n'kupezeka ali panja.

Namwino wa nyumba yoyandikana nayo, amene ankawabweretsera madzi otentha m'fulasiki m'mawa uliwonse, anali atawachenjeza kale.

"Amayi, kutupa uku si kwamasewera. Imbirani Abusa Aakulu lero lomwe, bambo apite kuchipatala."

"Achemwali, inu nyumba ndi yanu," anayankha amayi busa. "Ife muno ngakhale mpando mwakhalirawo si wathu."

Mlendo uja anali atazindikira kuti abusa sakuoneka kutchalitchi, ndipo anafika ndi mawu amene amayiwo ankawaopa.

"Akuluakulu a mpingo ine ndimawadziwa. Mbusa akadwala amamutaya ngati nsapato yakutha. Ndibwerekeni mkanjo ndizilalikira ine, anthu muwauze kuti abusa apita kumaphunziro. Kuchipatala musapite, kuli maso ambiri. Ndiziwapempherera muno."

Amayi busa anachotsa mkanjo pamsomali wa kuseri kwa chitseko n'kumupatsa.

Milungu itatu inadutsa. Wamoto ankalalikira mpaka mawu kusasa, akabwera kunyumba n'kudya ngati anthu awiri. Abusa anayamba kutupa ndi nkhope yomwe.

Abusa Aakulu, amene ankayang'anira abusa onse a dera limenelo, anali mnzawo wakalekale wa wodwalayo. Lolemba lililonse ankamuimbira foni kungoti aseke. Koma tsopano foni ankayankha ndi amayi busa, yankho lake limodzimodzi: "Ali kosamba."

Ulendo wachitatu, Abusa Aakulu anatembenukira akazi awo.

"Munthu uyu akusamba milungu itatu? Wasanduka nsomba?"

Lamulungu lotsatira anapita osauza munthu, atavala jekete wamba, n'kukhala pabenchi yakumbuyo. Mlaliki atakweza dzanja lamanzere, iwo anaona chipsera cha simbi pamkono wa mkanjo. Anachidziwa nthawi yomweyo. Zaka makumi awiri zapitazo anabwereka mkanjo umenewo pa ulaliki wawo woyamba, n'kuuwotcha posita. Analonjeza kugula wina, koma sanagule, ndipo mnzawoyo ankawaseka nazo chaka ndi chaka.

Mapemphero atatha, anamupeza mlalikiyo pakhomo.

"Mwalalikira mwamphamvu, bambo. Nanga mwini mkanjowu ali kuti?"

"Ndi wanga uwu."

"Ayi. Amene anauwotcha pamkonopo ndine."

Wamoto anati apite kaye kuchimbudzi. Mpaka lero sanabwereko, ndipo mkanjo anapita nawo.

Amayi busa atatsegula chitseko n'kuona Abusa Aakulu, mbale imene inali m'manja inagwa.

"Abusa, ndalakwa. Tipatseni mwezi umodzi wokha tipeze kopita."

"Kopita? Mlamu, kopita n'kuchipatala. Ali kuti mnzanga?"

Abusa Aakulu analowa kuchipinda kumene kunagona mnzawoyo. Kenako anagwada, anayesa kumuveka nsapato, zitakana anavula masokosi awo n'kumuveka. Anamunyamula mothandizana ndi namwino uja mpaka m'galimoto.

"Iwe," anatero wodwalayo ndi mawu otsika, "wanenepa chonchi koma mphamvu ulibe?"

"Khala chete, nsomba iwe. Wasamba mokwanira."

Dokotala anati ndi impso, ndipo akanachedwa masiku ochepa sakanachitanso kanthu. Amayi busa anakhala pansi m'khonde la chipatala n'kulira. Abusa Aakulu sanawadzudzule. Anangofunsa kuti, "Mlamu, mwadya lero?" Amayiwo atapukusa mutu, Abusa Aakulu anapita okha kukawagulira tiyi.

Mawa lake akuluakulu a mpingo anakumana. Anagwirizana kuti banjalo likhalabe m'nyumbamo, ndipo abusa anayi a mipingo yoyandikana azisinthana kulalikira mpaka mnzawo achire. Akazi a Abusa Aakulu anatenga ana atatu aja kukakhala nawo. Akulu a mpingo ankasinthana kukhala pambali pa bedi masana kuti amayi busa agoneko. Wina ankabwera ndi kawailesi, wina ankameta wodwalayo ndevu, wina ankangomukonzera pilo.

"Tikanadziwa msanga, amayi," anatero mmodzi wa iwo. "Abusa awa atiyendera m'zipatala zaka zonsezi. Mumaganiza kuti ife njira ya kuchipatala sitikuidziwa?"

Patatha miyezi iwiri abusa anatuluka, nsapato zikulowa bwinobwino. Atafika kunyumba anafunsa za mkanjo wawo. Amayi busa anayang'ana pansi.

"Unapita kukalalikira kwina, bambo."

Abusa anaseka mpaka kutsokomola. Potseka chitseko cha kuchipinda, anaona kuti pamsomali paja papachikidwa mkanjo watsopano, wosita bwino. Namwino, amene ankasunga kiyi, anati Abusa Aakulu anadutsa m'mawa, sanakhale n'komwe pansi. Pamkono wamanzere panali kapepala komangirira ndi phini: "Uwu usandibwerekenso."

Phunziro: Matenda si obisa, ndipo amene amatisamalira m'mipingo nawonso amadwala n'kufuna owasamalira. Musamvere mlendo amene akukuopsezani kuti muthawe anthu anu. Inu atsogoleri, auzeni abusa ndi mabanja awo adakali bwino kuti akadzadwala simudzawataya. Tumizirani ena nkhaniyi, mwina pali banja limene latseka makatani chifukwa cha mantha.