Wailesi ya Malemu Shaba

Minibasi inamutula Cedric pa Boma la Mzimba kutangoda. Magetsi anali atazima. Tauniyi sankaidziwa. Iye anakulira kwa azakhali ku Ndirande, ndipo kwawo, kufupi ndi Jenda, ankangofikako pamaliro. Anafunsa njira ya kwa mmisiri wa mawailesi katatu. Awiri anamuyankha m'Chitumbuka. Wachitatu anangoloza kuseri kwa msika.

A Ishaka, mmisiri wa mawailesi, anatsegula chitseko nyali ili m'manja. Nkhalamba yowonda, magalasi omanga ndi waya.

"Ndine mwana wa malemu a Yotam Shaba. Ndabwerera wailesi."

"Malemu?"

Nkhalamba ija inagwira chitseko, kenako inakhala pansi. Uthengawo sunaifike. Inapepesa ndi mawu otsika, n'kumulowetsa.

M'chipindamo munali mawailesi okhaokha. Pamashelefu, pansi pa tebulo, ena osanjikizana mpaka kudenga. Amatabwa, achitsulo, ena aakulu ngati kabati. Onse akalekale, aja ankabwera nawo azibambo pochokera ku Joni. Iliyonse inali ndi kapepala ka dzina la mwini wake, inki itafufuma. Cedric anawerenga mpaka makumi anayi. Analeka.

A Ishaka anayamba kufotokoza asanafunsidwe. Akuti zipangizo zake sizipezekanso, amachita kuphwasula wailesi yakufa kuti adzutse inzake. Akuti maso nawo atha, kawaya kamodzi amakasaka theka la tsiku. Ikatha imodzi zimabwera zitatu, poti ana amasiku ano ayamba kufuna kuti mawailesi a agogo awo alirenso. Iwo amatsata mzere, sadumpha.

Cedric sanayende ulendo wonsewu kudzamva madandaulo. Anali atatopa, msana ukuwawa, ndipo nkhani ya wailesiyi ankaidziwa mutu ndi mchira. Zaka zisanu ndi chimodzi bambo ake anazunzika nayo. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankalawira kukadikira galimoto pamsewu, kaya ndi nthawi yothyola fodya, kaya mvula ikugwa, akuti kukaona ngati yatha. Mayi ankawamangira mtedza wokazinga ndi mbatata, ati kwa mmisiri supita chimanjamanja. Madzulo ankabwerera opanda kanthu, nkhope ili khuma. Yankho linali limodzi: mwezi wamawa. Mpaka anawaika m'manda masabata atatu apitawo.

Tsopano mayi atsala okha. Cedric sakhazikika: ntchito yake ndi yogulitsa mankhwala a ziweto, lero Mwanza, mawa Karonga. Mng'ono wake Stewart anapita ku Joni n'kungoti zii, monga amachitira anyamata ambiri a kuno, moti ngakhale pamaliro sanaoneke. Mayi anapempha chinthu chimodzi chokha. Wailesi ya amuna awo ibwerere pakhomo, yolira kapena yosalira. Cedric analonjeza kuti sabwerera wopanda.

A Ishaka anamvetsera zonsezi mutu uli pansi. Cedric atatha kufotokoza, iwo anapempha kuti aisiye kaye mwezi umodzi.

Cedric anaseka, koma kuseka kwa munthu wotopa.

"Mwezi womwe uja unamaliza adada? Mwadya mtedza wa amama zaka sikisi, madala. Zakwana."

Nkhalambayo sinadziteteze. Inangoti kwada, agone pabenchi, nkhani yotere imafuna dzuwa. Inamupatsa bulangete lonunkha utsi wa mbaula. Mphepo ya ku Chikangawa inkalowera pansi pa chitseko.

Kutacha, a Ishaka ali kuseri akuswali, Cedric anayamba kusaka yekha. Anatembenuza timapepala kamodzikamodzi. Nyirenda. Mayi Moyo. Aphunzitsi a ku Edingeni. Zala zinada bii ndi fumbi, mphemvu zikuthawa. Ya a Shaba anaipeza pashelefu yapamwamba, bokosi lamatabwa lokhala ndi chogwirira chachikopa. Zomangira zake zinali zonse. Sizinaoneke n'komwe kuti munthu anaigwirapo. Mtima unamuwawa. Zaka zonsezi, ndiye kuti sanaitsegule n'komwe.

A Ishaka analowa akupukuta magalasi. Anaima pakhomo.

M'chikwama Cedric anali ndi mabatire, anagula pa Jenda kuti mayi akaone okha kuti chinthucho n'chakufa. Anaganiza zomuchititsa manyazi mkuluyu asananyamuke. Anawaika limodzilimodzi, akumuyang'ana m'maso. Anapotokola kabatani.

Wailesi inalira. Mawu omveka bwino, opanda phokoso, muulutsi akupatsa moni alimi a fodya.

Cedric anachotsa dzanja ngati wagwira khala.

"Mwaikonza usiku?"

"Ndinaikonza sabata yoyamba. Kanali kawaya kamodzi basi."

"Nanga adada ankadzatani kuno?"

A Ishaka anavala magalasi awo pang'onopang'ono.

"Ankafuna chifukwa chobwerera ku Boma, amama ako osadabwa. Mtedza uja ine sindinaulawepo, mwana wanga. Unkapita kundende. Stewart ku Joni sanafikeko, ali m'ndende pa Boma pompano. Za maliro sakudziwa, ndipo lero ndi Loweruka loyamba la mwezi, tsiku lake, akudikira."

Cedric anazimitsa wailesi ija. Anaibwezera pashelefu, kapepala ka dzina kali kuyang'ana kunja. Anafunsa njira ya kundende, n'kutuluka, depoti ya mabasi ili kumbuyo kwake.